Manati a Kagalimoto ka Amuna Anga

Amuna anga anayendetsa malole a boma zaka zambiri, mpaka sitiroko inawalanda mwendo ndi mkono wakumanzere. Mwana wathu wamkazi anawatumizira kagalimoto koyendera rimoti, kamatayala akuluakulu. Ine ndinaseka, koma kachidole komweko ndi kamene kanawatulutsa kuchipinda. Loweruka lililonse mlamu wanga ankadzatitenga kwathu ku Masongola n'kutikweza kuphiri. Amuna anga ankakhala pampando pansi pa mapaini, rimoti ataipanikiza pantchafu, kagalimoto kakulimbana ndi miyala ndi mizu.

Kenako kanayamba ulesi. Batire silinkachedwa kutha, mota inkatentha ngati simbi. Tsiku lina kanaima pakati pa chitunda, iwo n'kunena kuti, "Basi mayi, kakalamba ngati ine. Kasungeni."

Mawuwo anandiwawa. Ndinadziwa kuti kakalowa m'kabati, nawonso abwerera pabedi.

Ndinali wotopa kale ndi kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa. Tsopano ndikhalenso makaniko? Ndinaigwira ntchitoyo uku ndikung'ung'udza. Ndinachotsa kagiya ka pamota, n'kukankha kagalimotoko ndi dzanja pakhonde. Kankalemerabe, ndiye mota inalibe mlandu. Ndinapukuta fumbi, ndinazula masamba a paini amene anakulungana m'mashafuti, tizitsulo tozunguza matayala, ndinapaka girisi watsopano. Ayi ndithu. Masiku atatu, msana ukuwawa, zikhadabo bii. Pomaliza ndinachotsa mashafutiwo n'kuzunguza tayala lililonse palokha. Onse anayi ankaima msanga. Nditamasula nati imodzi pang'ono pokha, tayala linazungulira mpaka ndinatopa kuliyang'ana.

M'mawa mwake ndinawapezerera. Kagalimoto atakapanikiza ndi bondo, ankamanga manati ndi kasipanala, mano atalumana, monga ankachitira ndi lole asanayambe ulendo. Kani ankatero m'mawa uliwonse, ine ndili kukhitchini. Manati othinawo ndi amene ankafinya matayala.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire, chifukwa mtima wanga suchedwa kupsa. Koma ndinangobwerera. Kumanga manatiko ndiyo ntchito yokhayo imene dzanja lawo linatsala nayo.

Mpaka lero amamanga. Ndikawakhazika kubafa, ndimathamangira pakhonde kukabweza nati iliyonse pang'ono, moti pantchito zanga zam'mawa pawonjezeka ina. Ndimatopa, sindinama.

Loweruka lapitali kagalimoto kanakwera chitunda chija osapuma.

"Mwaona mayi?" anatero amuna anga, akugwedeza kasipanala kaja. "Galimoto ndi manati. Ndinakakonza ndine."

"Zoonadi bambo," ndinayankha. "Mawa mumangenso."