Mphindi Khumi ndi Zisanu za Mayi Eirlys

Pakati penipeni pa msika wa ku Swansea, pomwe pamamveka fungo la viniga, pamaima Mayi Eirlys Beynon kuseri kwa mabeseni awo atatu. Amagulitsa tinkhono tam'nyanja towiritsa ndi ndere zakuda zam'nyanja zimene kuno timakazingira pamodzi ndi nyama yankhumba m'mawa. Anayamba ali ndi zaka 27, pano ali ndi 61. Bambo awo ankafukula nkhonozo mumchenga wa ku Penclawdd nyanja ikaphwa, mayi awo ankaziwiritsa, iwo n'kudzatenga benchi yogulitsirapo mumsika.

Koma chimene amatchuka nacho si nkhono ayi, ndi mapu. Mlendo akangofunsa kuti kuno n'kukaona chiyani, iwo amasolola kathumba kapepala, pensulo ichoke kukhutu, basi ayambapo kujambula: mukakwere apa, mukatsike apa, mukaona chipata choyera mukakhotere kumanzere. Tsiku limene padoko pakocheza sitima ya alendo amajambula mapu makumi anayi nkhomaliro isanakwane, ndipo mwa anthu asanu alionse ofunsa njira, atatu amachoka atagula. Mumsika monse mulibe chikwangwani chokoka anthu chotere.

Kumene amakonda kutumiza anthu ndi ku Worm's Head, chilumba chachitali cha miyala kumathero a dera la Gower, ola limodzi pa basi. Nyanja ya kuno imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku: ikaphwa njira yopitira kumeneko imatseguka maola asanu, ikadzaza imamira. Zaka zonsezi iwo ankauza aliyense kuti kuwoloka ndi mphindi khumi ndi zisanu zokha, n'kulemba 15 wamkulu pakona ya kathumbako.

Lachiwiri lina mu Juni kunabwera mayi wina wa ku Rotterdam, bondo lili lomangidwa bandeji, kathumba ka mapu kali m'manja. Sanakwiye, ankangoseka. Anati malowo ndi okongola moti anagwetsa misozi, koma kuwoloka kunamutengera mphindi makumi asanu, ndipo pobwerera madzi anali atayamba kumufika m'mapazi. Anafunsa mwaulemu ngati Mayi Eirlys amawoloka chothamanga.

Dilwyn wogulitsa tchizi pabenchi yoyandikana, amene akhala akunyogodolana naye zaka makumi awiri, anasiya mpeni n'kutsamira kutsogolo.

"Muyankhetu mlendoyo, Eirlys. Unawoloka liti komaliza iwe?"

Mayi Eirlys anayamba kupukuta supuni youma kale.

"Kapena ndafunsa molakwa. Unayamba wawolokapo?"

Anali asanawolokepo. Msika umatsegula masiku asanu ndi limodzi, Lamlungu ndi la kutchalitchi ndi kuchapa maepuloni, ndipo zaka zambiri panali mayi awo odwala ofunika kuwatembenuza. Nambala ija anaitola kwa bambo awo, amene anawolokako kamodzi kokha ali ndi zaka 19, akuthamangira mtsikana amene anali atatsogola kale.

Pofika masana nkhani inali itafika kwa ogulitsa nsomba. Wabutchala anakuwa kupempha mapu opita kumwezi. Zimenezo Mayi Eirlys anaziseka. Chimene sanaseke ndi kasitomala wawo wa zaka zambiri, amene anayang'ana m'beseni n'kufunsa mwanthabwala ngati nkhonozo zinalidi zalero. Mumsika akakukayika pa chimodzi, mawa amakukayika pa sikelo.

M'mawa mwake benchi inali yofundika nsalu, koyamba pakati pa sabata chiikireni maliro a mayi awo. Za nyanja sanafunikire kufunsa munthu: imaliza kuphwa 12:10, ndiye njira itseguka 9:40, itsekeka 2:40. M'thumba la jekete anaikamo kawotchi kakukhitchini kamene amayezera nkhono pamoto.

Mu basi sanathe kukhala phee. Ankatchula chinthu chisanaoneke, ndipo chinkaonekadi: mahatchi akudya msipu opanda mbusa, kachisi wa nsanja yaifupi, chipata choyera chija. Chilichonse chikatulukira ankamenya mpando wakutsogolo. Dalaivala anawafunsa kuti njirayi aiyenda kangati. Anamuyankha kuti aka n'koyamba, ndipo anadabwa kuona kupepuka kwake kwa mawuwo.

Atatsika chitunda n'kufika m'mphepete mwa madzi, anatchera kawotchi pa mphindi khumi ndi zisanu. Inali 11:35. Iwo mchenga amaudziwa ngati khonde la kwawo, koma apa panalibe mchenga. Inali miyala yosongoka, yotsetsereka, yodzaza zigoba ndi timadziwe, yofuna manja ndi mapazi omwe. Kawotchi kanalira iwo atagwada pamwala, chilumba chikadali uko. Anaseka okha mpaka kutsokomola. Anagwa kawiri, kachiwiriko chokhala m'kadziwe. Poponda udzu wa tsidya linalo inali 12:22. Mphindi 47.

Ndiye kukongola kwake! Gombe lonse la Rhossili linali litayalika kumbuyo kwawo, mamailosi atatu a mchenga woti mbee, ndipo pansi pa phompho akatumbu am'nyanja anali ataonetsa mitu. Anawawerenga asanu ndi awiri, kenaka wachisanu ndi chitatu n'kuvuuka. Mphepo inkawalanda mpango, iwo osasamala. Zaka 34 akugulitsa malo amenewa pakamwa, ndipo anapeza kuti ankawachepetsa.

Cha m'ma 1 koloko anaona mwamuna ndi mkazi achikulire atakhala pa udzu, nsapato atavula, akudya mosafulumira. Pansi pa botolo lawo la tiyi panali kathumba kapepala, 15 wamkulu ali pakona. Mkaziyo anawazindikira n'kuwakodola mwansangala. Anati malowa awakonda kwambiri moti anyamuka cha m'ma 2:20, nthawi ikadzatsala pang'ono.

Mayi Eirlys anayang'ana ndodo yoyendera ya mwamunayo n'kuwonkhetsa msanga mumtima. Ola lathunthu, mwina kuposa.

"Valani nsapato, okondedwa anga. Nambala imeneyo ndinalemba ndine, ndipo ndi yabodza. Ndaiyeza lero ndi matako angawa."

Anawatsogolera mwala ndi mwala, akuwaonetsa pomwe iwo anagwera kuti asapondepo. Kuwolokako kunatenga mphindi 64. Atakwera chitunda anakhala onse atatu n'kumaonerera madzi akukumana pakati pa njira, mwamuna uja akungopukusa mutu.

Lachinayi, benchi isanayalidwe bwino, Dilwyn anali atatsamira kale.

"Zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinagwa kawiri. Ukauze wabutchala."

Anatero mokweza kuti amve ndi a nsomba omwe, ndipo anapinda malaya kuonetsa chigongono chonyuka. Kenaka anayala timatumba pabenchi n'kuyamba kuwerenga malo onse amene amatumizako anthu: nsanja younikira sitima ya ku Mumbles, mathithi a ku Neath, linga la ku Oystermouth, ndi ena. Anakwana khumi ndi amodzi. Amene anali atapondako anali amodzi okha.

"Dilwyn, Lachitatu likudzali undiyang'anira benchi."

"Lachitatu limodzi?"

"Khumi. Ndipo usamathire viniga wambiri, dzanja lako ndimalidziwa."