Dzina Limene Sindinalilembe pa Fomu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 8, pamene ndinasintha dzina langa. Lobadwa nalo linali Mwadzangati, ndipo pasukulu pathu ku Nyachikadza panalibenso wina wa dzina limeneli. Aphunzitsi akamaitana mayina m'mawa, ankati akafika pa langa, anyamata akumbuyo ankayankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Kasanu, aphunzitsi!" Kalasi yonse inkafa nalo phwete. Popeza m'nyumba mwathu mwana ndinali ndekha, ndinalibe wondiikira kumbuyo, choncho poweruka ndinkadzera kanjira ka m'mabango kuti ndisakumane ndi munthu.

Tsiku lina Lachisanu anatipatsa mafomu a mayeso. Aphunzitsi anatichenjeza kuti dzina limene tilembe ndi limene lidzakhale pa satifiketi moyo wathu wonse. Ndinalingalira pang'ono, kenako ndinalemba kuti Chisomo.

M'mawa mwake ndinaperekeza amayi kudambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi. Iwo anali m'madzi olekeza m'chiuno, ine ndili m'bwato kulandira nyikazo ndi kuzitsuka matope. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha. Apo ndi pamene ndinawauza za dzina latsopanolo, maso ali pansi.

Anachotsa msundu umene unawamatirira pamkono.

"Ndi lokongola," anatero. "Koma lakolo ukudziwa kumene linachokera?"

Sindinkadziwa. Anandifotokozera kuti ine ndisanabadwe anabereka ana atatu, ndipo palibe amene anafika poyenda. Anthu ankati ndi mwana mmodzi yemweyo amene amabwera n'kubwereranso. Nditabadwa ine, mchombo unagwa koma azakhali, amene anayenera kunditcha dzina, anazengereza. Ankati n'kutaya dzina pachabe. Amayi ananditenga okha, nandiyang'ana kumaso, n'kundifunsa monga amafunsira mlendo wolemekezeka: "Mwadza kangati, inu? Ulendo uno khalani."

Kenako analoza ndi mlomo, pakuti manda salozedwa ndi chala, kumene kunali madzi okhaokha ndi namasupuni.

"Abale akowo anagona apo. Panali kamtunda, koma Shire atasefukira anakokolola zonse. Ndilibe poti n'kukasesa. Ndiye ndikamakuitana iwe madzulo, ndimakhala ndaitana nonse anayi." Atatero anaseka pang'ono. "Koma poyankha umayankha wekha, ndiponso mochedwa, waulesi iwe. Gwira bwato lisatembenuke."

Lolemba mafomu anali akadali patebulo la aphunzitsi. Anafunsa ngati panali wofuna kukonza chilichonse asanawatumize kuboma. Ndinayamba kudzuka, koma kumbuyo wina anatsokomola mwadala, ena n'kuyamba kuseka chapansipansi. Ndinakhalanso pansi. Mafomu anapita.

Ndakhala ndikuisinkhasinkha mphindi imeneyo kwa zaka zambiri. Sindinganene kuti sindinkadziwa, pakuti ndinali nditauzidwa zonse. Chimene chinandigonjetsa chinali kuopa kusekedwa kwa miyezi yochepa imene inatsala, ndipo anyamatawo lero sindikumbukira n'komwe nkhope zawo. Zotsatira zake ndi zimene zakhalitsa: satifiketi, dipuloma, chiphaso cha unzika ndi chitseko cha ofesi yanga ku Chikwawa, zonse zimati Chisomo.

Amayi sanandidzudzulepo. Satifiketi itabwera anaigwira ndi manja awiri, ndipo ngakhale sankatha kuwerenga, anandipempha kuti ndiwasonyeze pamene panali dzina langa. Ndinawalozera. Anagwedeza mutu, naisunga m'sutikesi. Koma pondiitana sanasinthe mpaka tsiku limene anatisiya.

Tsopano ndikumvetsa kuti dzinalo silinali langa ndekha, choncho ndinalibe ufulu wolitaya ndekha. Linali manda a abale anga atatu, malo okhawo amene madzi sakanatha kuwakokolola. Chimwalirireni amayi palibe amene wandiitanapo nalo, ndipo ana anga, ndikawauza, amaliyesa nthabwala.