Mphezi m'diso, malaiti atapita

Amene mumandidziwa ku Kalingalinga, pamsewu pomwe timawotcherera mageti, mukudziwa kuti sindine wa nthabwala, ndipo izi zinandichitikiradi ine mwini.

Zinali zaka zija malaiti ankapita m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, zinthu zikudula tsiku ndi tsiku, makasitomala akusowa. Tinthu takuda toyandama m'maso ndinali nato kalekale, tonga ulusi, ndipo sitinkandivuta. Koma tsiku lina masana, titangokhala pabenchi kudikira malaiti, diso lakumanja linang'anima ngati wina wayatsa mashini pambali panga. Ndinatembenuka kuti ndimukalipire, koma mashini onse anali ozizira! Kenako tinthu tija tinachuluka mwadzidzidzi ngati mwaye, nkhope ya mnzanga n'kumaoneka mwautsi. Wowotcherera wakhungu munamuonapo kuti inu? Nanga ana akanadya chiyani?

Anzanga anati ndi moto wa ntchito chabe, ndidonthezemo mkaka ndikagone. Mlamu wanga ananong'ona kuti munthu amene tinalimbirana naye kasitomala wandiponyera kanthu, tipite kwa mneneri kukomboni ya Mtendere, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma mkazi wanga, atamva ali kumsika, anasiya tomato wake kwa mnzake, n'kubwera akumanga chitenje, nati mapemphero tichitira m'minibasi, ulendo ndi wa kuchipatala lero lomwe, wotsutsa atsale.

Ba dokotala atandithira mankhwala n'kuunika, anafotokoza kuti m'diso muli madzi olimba amene amafota munthu akamakula, n'kumakoka kansalu kakumbuyo komwe timaonera, ndipo kanga kanali katang'ambika. Anati tikanachedwa kakanamatuka, mdima n'kutseka diso ngati katani. Pong'ambikapo anapamata ndi kuwala kwa mashini awo, ine ndili phee ngati chitsulo, ndipo nditawauza kuti nawonso ndi owotcherera anaseka mpaka kuvula magalasi.

Lero diso langa likuona, ulusi ndimalowetsa ndekha m'singano ya mkazi wanga, ndipo ana onse ndinawaphunzitsa ndi manja awa. Mulungu ndimamukhulupirira, koma ndikuti tsiku lija anandiyankha kudzera mwa mayi wouma mutu. Tinthu takale tosasintha si toopsa. Koma tikachuluka mwadzidzidzi, kapena mukaona mphezi kumwamba kuli mbee, abale anga, musadikire kuti kuche. Diso lilibe spea pamsika.