Sipika ya Pakati ya a Namaona

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya amayi. Itasiya kulankhula, ndinapita nayo pa Nsaru kwa a Gelesomu, amene ankakonza mawailesi m'kashopu koyandikana ndi chigayo. Ataitsegula, ndinaloza ndi chala n'kufunsa kuti, "Kodi si waya uyu waduka apayu?" Anandiyang'ana modutsitsa maso pamwamba pa magalasi awo. "Maso oterewa ukungokhala nawo pakhomo? Ubwere Lolemba."

Ndinabweradi. Anandiphunzitsa kugwira chowotcherera, kusungunula mtovu osaudontheza pabolodi, ndi kuyeza magetsi ndi mita. Amuna amene ankasewera bawo pakhonde la chigayo ankandiseka kuti mkazi sangakonze wailesi, ndiye nane ndinayamba matama kuti awone. Chinthu ndikachimva theka, ndinkagwedeza mutu ngati ndachimva chonse.

Nthawi imeneyo anthu ankagula kwambiri mawailesi a masipika asanu ndi chibokosi cha besi. Tsiku lina a Gelesomu anandionetsa kachidutswa kakuda ka miyendo yambirimbiri pabolodi, kamene okonza timakatcha ayisi. Anandifotokozera kuti mawu amalowa m'njira ziwiri zokha, ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo ayisi ndi amene amazifananitsa n'kugawira masipika onse. Zimene zili zofanana mbali zonse ziwiri amazitumiza ku sipika ya pakati, ndipo kawirikawiri amenewo amakhala mawu a munthu. Zimene zikusiyana amazitumiza ku masipika a kumbuyo. Zogunda pansi zimapita kuchibokosi.

"Wamva, Esinati?" anandifunsa.

"Ndamva, abwana," ndinayankha, maso ali pamsewu.

Patapita miyezi isanu, a Gelesomu ali mu Lilongwe kukagula zipangizo, kunabwera bambo wachikulire akukankha njinga, wailesi yotereyi ili m'thumba la feteleza. Dzina lawo anali a Namaona. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anakalambira pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula, kumene anabwera ngati tenanti. Ankalankhula mokweza, ndipo poyankhidwa ankatembenuzira kwa ine khutu la kumanzere, chifukwa la kumanja linali litafa kale.

Wailesiyo anawagulira mwana wawo amene ali ku Joni, pamodzi ndi sola. Masipika enawo analibe nawo ntchito. Iwo ankatenga ya pakati ija, yautali ngati chitsononkho chachikulu, n'kuitsamiritsa pakhutu lamoyolo.

"Kanthu aka ndiye kamandilankhula," anatero akukasisita. "Ndimamvera mauthenga a maliro. Kwathu n'kutali, mwanangu, ndipo foni sindiimva."

Vuto linali laling'ono: wailesi inkalira ngati njuchi. Iwo atapita kumsika, ndinatsegula n'kupeza kapasita, kachipangizo kosunga magetsi, atatupa. Ndinamuchotsa, ndinaika wina, kulira kuja kunatha. Ntchito inathera pamenepo. Koma a pabawo aja anali akusuzumira, ndiye ndinafuna kuoneka katswiri. Ndinatenga mita n'kuyamba kugwiragwira miyendo ya ayisi, magetsi ali oyaka. Nsonga inaterereka n'kukhudza miyendo iwiri nthawi imodzi. Kunamveka kuti thaa, kenako kafungo ka kupsa, masipika onse zii.

Ayisi wina munalibe m'shopumo. Choyenera chinali kudikira abwana n'kuwauza zoona, koma ndinaopa kubwerera pakhomo anthu a pabawo akuombera m'manja. Ndinadumphitsa ayisi wakufayo ndi timawaya, masipika a kutsogolo analira. Ya pakati ndi a kumbuyo ndinawalumikiza mwanzeru zanga: waya mmodzi ku moto wa njira ya kumanzere, wina ku moto wa njira ya kumanja. Ndinkaganiza kuti potero sipika izilandira mbali zonse ziwiri. Ndinaika nyimbo, ndinayendetsa khutu pa sipika iliyonse, ndipo iliyonse inkatulutsa kenakake. Ndinatseka wailesiyo n'kumanga zomangira msangamsanga.

A Namaona anandithokoza mpaka kuvula chipewa. Abwana atabwera, ndinangowauza za kapasita.

Panapita pafupifupi mwezi. Linali tsiku la msika, fumbi lili koboo, pamene ndinaona njinga ija ikuima pakhomo ndi thumba lomwe lija. Ndinadziwa kuti abwera kudzakalipa, ndipo ndinayamba kukonza bodza lina.

Sanakalipe. Anakhala pabenchi n'kuuza a Gelesomu kuti, "Ndabwera kudzaisiya. Mupatse wina amene ali ndi makutu."

"Kodi yawonongekanso, bambo?" a Gelesomu anakuwa.

"Ayi, mwana uyu anakonza bwino. Anzanga pa esiteti akuti ikulankhula bwinobwino. Ine ndikaika pakhutu ndikungomva tizingwenyengwenye patali, munthu osamumva. Khutu lotsala lija latha basi."

Anatiuza kuti anayesa sabata yathunthu, kenako anaiphimba ndi chitenje osaiyatsanso. Ndiyeno anawonjezera, mawu atatsika, kuti mchemwali wawo anamwalira ku Phalombe. Uthenga unaulutsidwa pawailesi kawiri, ndipo dzina lawo analitchula. Munthu wa kwawo amene anaumva ali pa esiteti ina anadzawapeza patatha masiku anayi, maliro ataikidwa kale.

"M'mimba mwa amayi athu tinatsala awiri," anatero. "Akuti abale anadikira ine mpaka thupi linayamba kuvuta."

A Gelesomu anamasula thumba lija. Anatsegula wailesiyo, anaona ayisi wothimbirira, anatsata timawaya tanga ndi chala mpaka kumene tinathera. Kenako anaiyatsa pa siteshoni imene munthu ankawerenga nkhani n'kundipatsa sipika ya pakati. Ndinaiika pakhutu langa labwinobwinoli. Munalibe munthu.

"Sipika imayenda ndi kusiyana kwa mawaya ake awiri," a Gelesomu anatero chapansipansi. "Ukaipatsa zofanana uku ndi uku, imangokhala duu. Zofanana zija ndinakuuza kuti n'chiyani?"

"Mawu a munthu," ndinayankha.

"Unawotcha ndiwe?"

"Ndine, abwana."

Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anatsitsa pashelefu wailesi ina yakufa ya mtundu womwewo n'kuiika patsogolo panga. "Chotsa ayisi umu. Uike wekha. Ukatha, uwauze wekha."

Sindinagwirepo ntchito pang'onopang'ono ngati tsiku limenelo. Ndinazula pulagi, ndinasungunula mtovu mwendo umodziumodzi, ndinapukuta mabowo, ndinachotsa timawaya tanga tonse. A Namaona ankangoyang'ana kumsewu, osadziwa kuti tikutekesekeranji ndi wailesi imene aitaya. Nditamaliza, ndinayatsa n'kuwapatsa sipika yawo.

Anaikana kaye ndi dzanja. Kenako, pongofuna kundisangalatsa, anaiika pakhutu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaichotsa, anaiyang'ana, anaibwezeranso.

"Akunena za mvula," anatero. "Ndikumva! Mwanangu, wandichita chiyani?"

Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo. Zinthu zochititsa manyazi munthu amafuna kuzinena monong'ona, koma kwa iwo kunong'ona kunalibe ntchito. Ndinakuwa, a pabawo onse akumva: "Agogo, khutu lanu silinafe! Ndinawononga ndine, ndipo ndinabisa! Pepani!"

Anandiyang'ana, sipika ikulankhulabe m'manja mwawo. Sanatukwane, sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti uthenga uja ndikanaumva, eti?"

"Mukanaumva, agogo."

Anagwedeza mutu. Anakulunga sipika ya pakati m'jekete lawo, ena aja anawaika m'thumba, ndipo ndinawathandiza kumanga pakaliyala. Sanavule chipewa ulendo uno, komanso sanabwerenso kushopu kwathu. Ngati anandikhululukira, ine sindikudziwa.

Lero ndili ndi kashopu kanga pa Namitete, ndipo ndimaphunzitsanso ena. Kuwotcha ayisi sindikalipira munthu, aliyense wogwira mita amawotchapo. Chimene sindilola n'kumanga zomangira pamwamba pa chinthu chimene wawononga. Ndipo wailesi iliyonse isanatuluke, sindiiyesa ndi nyimbo, chifukwa nyimbo imabisa zambiri. Ndimasaka pamene munthu akulankhula, ndimazimitsa masipika ena onse, n'kuika ya pakati pakhutu langa la kumanzere. Ana anga a ntchito amaseka, amati ndimaoneka ngati nkhalamba. Ine ndimangokhala chete mpaka nditamva mawu onse, limodzi ndi mayina amene akutchulidwa.