Nkhadze ya Padenga

Mumsewu wathu ku Chelstone, mumzinda wa Zambia uno, aliyense anamanga mpanda wa njerwa, kupatula bambo wina wopuma pantchito amene tinayandikana naye nyumba. Iwo anakonda mpanda wa nkhadze, wobiriwira ngakhale mu Okutobala fumbi litakuta chilichonse. Anaidzala ndi malemu akazi awo, amene anabwera ndi kanthambi kamodzi kuchokera kwawo ku Katete atakakulunga m'chitenje.

Bambowa amakonda kuima pabwalo m'mawa, manja kumbuyo, ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Ukawapatsa moni amayamba kuiweruza nkhadze yawo mlandu umene sutha. "Siifuna manzi, na mbuzi siidya," amatero. "Koma mkaka wake ukangena m'maso, mwana wanga, zuba uzaiona chabe ku maloto."

Chaka chatha mwana wawo Towela anabwera kudzakhala nawo ndi kamtsikana kake kongoyamba kuyenda, kothyola chilichonse n'kuika pakamwa. "Batate, sankhani," anatero Towela. "Nkhadze olo muzukulu."

Chikwanje chinakhala pakhonde masiku atatu osakhudzidwa. Tsiku lachinayi bambowo anavala magalasi, nagwetsa mpanda wonse, utomoni woyera ukudonthera m'fumbi. Atamaliza ndinawaona akukwera makwerero, atanyamula chitini cha dothi chokhala ndi kanthambi kamodzi.

Mpaka lero kanthambiko kali padenga, kakugwedezeka ndi mphepo pamene mwana sangafike. Mdzukulu akakaloza, iwo amamunyamula paphewa n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Ni ambuya bako baja. Ubapase moni uli patali."