Ndinakankha Galimoto Yamoyo ku Al Quoz

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchule, kuti wina asadzati nkhalamba ya ku Balaka yathira mchere. Panali ine, Lufeyo Mangani, makaniko wa garaja ya pansi pa mtengo wa mango, amene mumandidziwa nonse. Panali mwana wanga Limbani, injiniya. Panali apongozi anga a Esinati, mkazi wake, namwino wochokera ku Chipata. Panali Khalidi, Mwarabu wamtali amene ndi bwana wa Limbani, komanso Asifu wa ku Pakistan, mmisiri wa penti. Enawo anali alendo a masuti, mayina awo sindinawagwire. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye zilembo zikapindika mundikhululukire, koma nkhaniyi ndi yowongoka.

Ku Dubai sindinapite kukaona nyumba zazitali ayi. Ndinapita ndi makiyi a garaja m'thumba la jekete. Manja anga ayamba kunjenjemera, maondo akukana kutsika m'dzenje lokonzeramo galimoto, ndipo pali munthu akufuna kugula malo aja kuti amangepo shopu. Ndinati ndikamuuze mwanayo pamaso: bwera udzatenge garaja, apo ayi ndigulitsa. Koma ndinakhala m'nyumba mwake masiku angapo mawuwo ndisanawanene. Ine amene ndikaitana sipanala amamva ndi a kumsika omwe!

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali, Limbani anati, "Ababa, valani jekete. Lero mukaone chimene chimandisowetsa tulo."

Amakhala ku International City, kumene nyumba zake n'zofanana ngati mapasa, moti ukatuluka wekha subwerera. Tinaima kaye pa kashopu ka pansi. Tiyi wawo amati karaki, wamkaka, wonunkhira, wa diramu imodzi, ndalama ya kumeneko, koma kakapu kake ka pepala n'kachipongwe. Ndinamwa tiwiri. Ndinadyanso chapati chokulungamo dzira, mafuta ake ochita kuyenderera m'zala. Mafuta amenewa muwakumbukire, abweranso kutsogoloku.

Tinakwera takisi. Dalaivala wake, mnyamata wa ndevu zosamalidwa bwino, anafunsa Limbani kuti madalawa amagwira ntchito yanji. Atamva kuti makaniko, anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Ustadi!" Limbani anati kwawo amatero polemekeza mmisiri wamkulu. Ndinati muuze kuti walondola.

Titafika pa maloboti oyamba, injini ya takisi inangoti zii. Ine dzanja linali kale pa chitseko.

"Siinafe, Ababa, ikupuma," anatero Limbani. "Ili ndi petulo, ilinso ndi magetsi. Zimalandirana."

Za magalimoto oterewa ndinkazimva. Ina inabwerapo pa garaja, nditatsegula boneti n'kuona mawaya akuluakulu achikasu, ndinamuuza mwini wake kuti apite nayo ku Blantyre. Ine galimoto ndimaidziwa ndi khutu. Ndimagunditsa sikuludiraiva pa injini, chigwiriro pakhutu, n'kukuuza chimene chikudwala. Nanga galimoto yosalankhula ungaifunse bwanji?

Msewu wake ndi wotakata ngati bwalo la mpira. Kudzanja lamanja, patali, ndinaona nsanja yotchuka ija, nyumba yaitali kuposa zonse padziko, ikubaya mtambo ngati singano. Apongozi anati, "Atate, onani!" Ndinaona, ndinavomera. Koma maso anga anali pa Limbani, amene ankangopukuta manja pa thalauza. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani. Anati ntchito yake pa galimoto tikukaionayo ndi yoonetsetsa kuti injini ya petulo ndi mota yamagetsi zikulandirana bwino, osagwedeza, osazima. Anati kwa nthawi yaitali yakhala ikumuvuta, imati ikafika pokwera n'kungofa. Lero kukubwera anthu amene ali ndi mawu pa ntchitoyo, ndipo ikawafera pamaso, iye ndiye woyamba kufunsidwa.

Takisi inatidya madiramu 65. Nditayamba kuwasandutsa makwacha, apongozi anati, "Atate, lekani, manje BP izakwera." Ndinaleka.

Ku Al Quoz, kumene Limbani amagwira ntchito, ndiye ndinapuma bwino. Kulibe zonyezimira kumeneko. Kuli mashedi a malata, malole, mchenga m'mbali mwa msewu, anyamata a maovolosi abuluu, fungo la oyilo ndi kulira kwa chopalira zitsulo. Ndinati apa ndiye pali anthu. Koma shedi imene tinalowa inali yoyera pansi ngati chipatala, yozizira ngati Dedza mwezi wa June. Pakati pake panali chinthu chofunditsidwa nsalu. Asifu anaivundukula pang'onopang'ono ngati akuvundukula mkwatibwi.

Abale anga, ndikuuzeni mmene inalili. Si saluni, komanso si zimagalimoto za mabwana a mabungwe zija. Ili pakatikati: miyendo yaitali, thupi lowonda, denga lotsetserekera kumbuyo ngati msana wa fisi. Mtundu wake ndi wa mchenga, penti yosawala, yofewa m'maso. Nyali zake ndi kamzere chabe, ngati munthu watsinzina. Magalasi oonera kumbuyo kulibe, m'malo mwake kuli timakamera tokhala ngati nyanga za nkhono. Zitseko zilibe zogwirira, ndipo zimatsegukira pakati, china uku china uko, ngati zitseko za tchalitchi. M'kati mulibe mawotchi, muli galasi limodzi lalitali kuchokera kwa dalaivala mpaka kwa wokwera. Limbani anati ilipo imodzi yokhayi padziko lonse, siyogulitsa, ndi yoonetsa anthu mmene magalimoto a mawa angadzakhalire.

Ine galimoto sindiipatsa moni nditaima. Ndinagwada, maondo akulira, n'kusuzumira kunsi. Kunali kosalala ngati thireyi. Limbani anagwada nane n'kumandilozera. Batire lili pansi ponsepo, pakati pa matayala, kuti kulemera kukhale m'munsi galimoto isamapendame pokhota. Kutsogolo kuli kainjini kakang'ono ka petulo. Kumbuyo kuli mota yamagetsi yoyendetsa matayala akumbuyo. M'tauni imayenda ndi magetsi okha, paulendo wautali petulo amalandira, pamchenga kapena pamtunda zimakoka zonse ziwiri. Ukaponda buleki, mphamvu imene ikanangotha ngati kutentha imabwerera m'batire.

"Ndiye kuti ikamatsika Zalewa imakhala ikudya?" ndinafunsa.

"Ikudya, Ababa."

Ndinayeza ndi zibakera kuchokera pansi kufika pamimba pake. Ndinati msewu wa ku Utale ingadutse, bola mvula isachuluke. Kenako ndinafunsa mokweza kuti tayala la sipeya lili kuti, ndipo mbuzi tingaimange pati. Limbani anamasulira monyinyirika. Khalidi anaseka mpaka kugwira mpango wake wakumutu, n'kunena kuti bambo wamkuluyu akwere kutsogolo poyesa galimoto. Limbani sanakondwe nazo, koma bwana akanena wanena.

Cha m'ma 11 koloko anatsegula chitseko chachikulu cha kumbuyo kwa shedi. Kunja kuli bwalo la simenti, ndipo anamangapo chikweza cha zitsulo, chotalika ngati khonde la sitolo, choyeserapo kukwera. Alendo a masuti anaima pamthunzi. Ndinakhala pampando, Limbani anandisonyeza kabatani kotsegulira chitseko, tinanyamuka. Injini inkang'ung'udza pansipansi, mawu abwino, osakhosomola. Tinazungulira bwalo, tinayamba kukwera.

Tili pakati pa chikweza, galimoto inaima. Injini inati zii.

Ndinayang'ana mwana wanga. Thukuta linali pamphumi, manja atagwira chiwongolero zolimba. Ndinayang'ana alendo, onse atatukula mafoni. Mumtima ndinati yamufera. Yamufera pamtunda, pamaso pa anthu, ndipo tsopano ibwerera chambuyo. Zimene anandiuza m'takisi zija ndinazimva, inde, koma ija inali galimoto ya eni ake. Iyi inali ya mwana wanga. Ndipo chimene thupi lachita moyo wonse silifunsa mutu.

Ndinadina kabatani, ndinatsika. "Mwala!" ndinakuwa. "Ikani mwala!"

Abale, Al Quoz yense uja, bwalo lonse lija, mwala ngakhale umodzi! Kwathu mwala suusowa, umakhala ukudikira pamtunda uliwonse. Ndinavula nsapato ya kumanja, ya chikopa ija ndinagulira ukwati wa Limbani, ndinaitsinika kuseri kwa tayala. Ndinaika manja onse awiri kumbuyo kwa galimoto, phewa pomwepo, n'kukuwa mawu okhawo a Chiarabu amene ndinali nditatola: "Yalla! Yalla! Kankhani, anthu inu!"

Asifu anabwera chothamanga. Ndinati nayu mwamuna mnzanga. Koma iye ankakuwa kuti, "Penti, baba! Penti!"

Pomwepo galimoto inachoka m'manja mwanga. Popanda phokoso, popanda utsi, inangokwera ngati ikukokedwa ndi chingwe chosaoneka, mpaka pamwamba. Ndisaname, kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndaikankha ndekha, ndipo ndinadzitama. Kenako ndinamva kuseka.

Limbani anatsika n'kundifotokozera motsitsa mawu. Anaimitsa dala. Chimene ankafuna kuonetsa alendo ndi chomwecho: kuti galimoto ikhoza kuima pamtunda, injini n'kuzima, yokha n'kudzigwira osabwerera, kenako n'kunyamuka ndi magetsi okha. Chimene chinkamuvuta nthawi yonse ija chinali chitatheka. Ndipo kumbuyo kwa galimoto imodzi yokhayo padziko, pa penti ya mchenga ija, panali manja anga awiri, zala zonse khumi, za mafuta a chapati.

Ndinaima ndi sokosi pa chitsulo chotentha. Ena mwa a masuti ankaseka kuseka kosakoma, ndimakudziwa, sikufuna womasulira. Khalidi anafunsa Limbani kuti nsapato ndi ya chiyani. Atamufotokozera, sanaseke. Anati bambo ake ankayendetsa lole kuno misewu isanakhale ya tala, ndipo sankayenda opanda thabwa loika pansi pa tayala. Anati, "Khalas," kutanthauza kuti yatha, n'kubwerera kwa alendo ake. Asifu ananditolera nsapato, akupukusa mutu, n'kupita kukatenga nsalu ndi botolo la mankhwala. Pamene ife tinkadya mpunga wa biriyani m'kantini ya pafupi, iye anali akupukutabe. Ndinamutumizira mbale yake. Mawu ena a Chiarabu ndinaphunzira tsiku lomwelo: shukran, kutanthauza zikomo.

Pobwerera masana sitinakwere takisi. Tinakwera basi, kenako sitima yopanda dalaivala, imene sindinaikhulupirire mpaka titatsika, kenako basi ina ya ku International City. Amalipira ndi kakhadi, kondakitala kulibe, wokangana naye kulibe. Apongozi anakhala kutsogolo kumene kumakhala amayi, ife awiri kumbuyo. 

Ndinkaganiza za galimoto ija. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti chinthu chikakhala chete ndiye kuti chafa. Injini yachete yafa. Mwana amene sabwera kumudzi, amene pafoni amangoti tili bwino Ababa, ndinkati nayenso wazima, akufunika kukankhidwa. Ndinadzera zimenezo, kudzamukankha. Koma ndinali nditaona ndi maso anga chinthu chachete chikukwera phiri. Ndipo ndinaona mmene Limbani anagwadira nane pansi pa galimoto, mmene ankalozera ndi chala chaching'ono. Ndi mmene ndimalozera ine. Garaja anaitenga kalekale, kungoti anapita nayo kutali.

Komabe malo aja ndi malo, ndipo wogula akudikira yankho. Ndinatulutsa makiyi, ndinawaika pa bondo lake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalankhula moti wa pampando wakutsogolo sanamve. Ndinati, "Iwe Limbani, ndinabwera kudzakuuza kuti ubwere kumudzi. Tsopano sindikuuzanso. Manja anga atha. Unene wekha, ndigulitse kapena ayi. Ndipo lero ndakuchititsa manyazi pantchito pako."

Anawatembenuza makiyiwo m'manja mwake, basi ikukhota kulowa ku nyumba zofanana zija. Kenako anawabwezera m'thumba la jekete langa, n'kutsekapo ndi dzanja.

"Chaka chino sindibwera, Ababa, ndisakunamizeni. Koma musagulitse. Magalimoto amenewa akakalamba adzathera kwathu konko, ndipo adzafuna munthu wosaopa mawaya achikasu. Ndidzawakonzera pansi pa mango womwewo, inu mutakhala pampando mukundikalipira. Za manyazizo musazinenenso. Anthu onse aja anaona galimoto yanga itaima pamtunda, ndipo anatulutsa mafoni. Amene anavula nsapato ndinu nokha."