Mwana Wonunkhira Shuga Wopserera

Kashawelo kachikasu kaja amayi sanakachape. Anakapinda n'kukaika pansi m'sutikesi, ndipo nthawi zonse ndikatsegula kankanunkhirabe shuga wopserera.

Kanali ka mng'ono wanga, yemwe anabadwa nyengo yosankha fodya kwathu ku Chisepo. Anabadwa wonenepa, wolira mokweza. Mchombo usanagwe anayamba kukana bere. Kenako analeka kulira, n'kumangogona, timanja titauma gwa. Fungo lija linali m'matewera, m'thukuta, ngakhale m'makutu mwake. Ine ndinkalikonda. Ndinkayesa kuti makanda onse amabwera choncho.

Amalume atabwera kudzaona mwana, anamunyamula, n'kumununkhiza, n'kumubweza msanga. Anakakhala m'chigafa pakati pa fodya mpaka dzuwa kupendeka. Amalumewa sankadya nyama, ndipo anthu ankawaseka kuti ndi opemphera mopitirira. Akadwala malungo ankabwebweta, kuyenda kwawo ngati woledzera, ndipo malaya awo amayi ankachapa okha osalola wina.

"Achimwene, ndi fungo lomwe lija?" amayi anafunsa ataima pakhomo pa chigafa.

"Ndi lomwelo. Koma ine si ndili pano? Nayenso akula."

Sanakule. Kuchipatala anamuyeza malungo, osawapeza. Anatsirizikira kumsana kwa amayi, ndipo anakamuika azimayi okhaokha, monga amachitira ndi khanda. Tsiku limenelo fodya sanasankhidwe.

Ndili wamkulu, dokotala wina anandifotokozera kuti pali matupi olephera kuphwanya mbali ina ya zakudya zomanga thupi, ngakhale za mu mkaka wa m'mawere, ndipo zotsalirazo zimaononga ubongo. Mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Abambo ndi amayi anali pachisuwani. Dokotalayo anati mwa ena njira imatsekeratu, mwa ena pamatsala kampata. Amalume anali ndi kampatako. Mng'ono wanga analibe. Mpaka lero sindidziwa kuti ine ndinasenzako chiyani, ndipo ana anga akatentha thupi mtima umandithawa.

Chaka chomwe mng'ono wanga anamwalira, amalume amayenera kukwatira mkazi wa ku Kasakula. Kutchalitchi anali atalengeza kale, ndipo ine anandisankha kukhala womwaza maluwa. Fodya asanapite ku okushoni, amalume anakwera njinga m'mawa, n'kubwerako madzulo ukwati atauthetsa. Sananene chifukwa, amayinso sanafunse. Anangowapatsa madzi osamba.

Ine ndinalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo masika onsewo sindinawalankhule amalume chifukwa cha diresi loyera limene telala anali atayamba kale kudula.